Kusankha Inshulansi ya Chipatala Popuma Pantchito ku America: Mmene Mungagwirire Ntchito ndi Ejenti Woima Payekha

Munthu wokhala ku United States akatsala miyezi yochepa kuti akwanitse zaka 65, bokosi lake la makalata limayamba kudzaza ndi timapepala ta makampani a inshulansi, foni imalira kangapo patsiku, ndipo pa TV pamaoneka anthu otchuka akulonjeza thandizo la mano, magalasi a maso ndi ndalama zogulira zakudya, zonsezo ati popanda kulipira kanthu pamwezi. Kwa ife amene tinabwera kuno tili akuluakulu kale, ndipo tagwira ntchito zaka zambiri tili pa inshulansi imene abwana anatisankhira, nthawi imeneyi imasokoneza mutu, chifukwa kwa nthawi yoyamba udindo wonse wosankha uli m'manja mwathu. Ine ndimakhulupirira kuti ejenti woima payekha, kutanthauza amene samangidwa ndi kampani imodzi, ndi munthu wofunika kukhala naye pa nthawi ngati imeneyi. Koma phindu lake silibwera lokha. Limadalira zimene inu mwakonza musanakumane naye, mafunso amene mwamufunsa, ndiponso kudziwa kwanu kuti amene amamulipira ndani.

Choyamba: dziwani chimene mukusankha musanaitane munthu aliyense

Medicare ndi inshulansi ya chipatala ya boma la United States, makamaka ya anthu a zaka 65 kapena kuposerapo, imene inakhazikitsidwa pamene Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasaina lamulo lake pa 30 Julayi 1965. Ili ndi magawo angapo. Part A imalipira mukagonekedwa m'chipatala. Part B imalipira madokotala, kuyezetsa ndi chithandizo chimene mumalandira n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Part D, imene inayamba mu 2006, ndi ya mankhwala olembedwa ndi dokotala. Amene wagwira ntchito ndi kudula msonkho wa Medicare kwa zaka 10, kapena amene mwamuna kapena mkazi wake anatero, salipira ndalama ya pamwezi ya Part A. Part B yokha pafupifupi aliyense amailipira, ndipo mu 2025 anthu ambiri ankalipira madola 185 pamwezi.

Mukakhala ndi Part A ndi Part B, patsogolo panu pamakhala njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kukhalabe pa Medicare ya boma, imene amaitcha Original Medicare, n'kuwonjezerapo inshulansi ya Medigap, yogula ku kampani kuti izitseka mipata imene Medicare imasiya, ndi pulani ya mankhwala ya Part D. Njira yachiwiri ndi kulowa Medicare Advantage, yotchedwanso Part C, pamene kampani ya inshulansi imalandira ndalama kuchokera ku boma kuti iyendetse chithandizo chanu chonse, nthawi zambiri pamodzi ndi mankhwala omwe. Anthu oposa theka la amene ali ndi mwayi wosankha tsopano ali pa njira yachiwiriyi.

Chifukwa chimene munthu sangangokhalira pa Original Medicare yokha n'chakuti Part B imalipira 80 peresenti ya mtengo wovomerezeka, ndipo 20 peresenti yotsalayo ndi yanu, popanda malire a pachaka. Ngati chithandizo cha khansa chafika madola 100,000, gawo lanu ndi madola 20,000, ndipo chikapitirira chaka chotsatira mumayambanso kulipira. Pamwamba pa izo, mu 2025 munthu ankayamba walipira yekha madola 1,676 akagonekedwa m'chipatala Part A isanayambe kuthandiza. Ndalama yoyamba imeneyi, imene wodwala amalipira inshulansi isanalowererepo, kuno amaitcha deductible, ndipo mawuwa mudzawamva kawirikawiri.

Simukufunika kudziwa zambiri kuposa izi kuti muyambe, koma izi zokha muzidziwe ndithu, kuti ejenti akayamba kulankhula muthe kuzindikira njira imene akukukankhirani.

Chachiwiri: lembani masiku anu pa kalendala

Kulembetsa Part A ndi Part B sikuchitika kwa ejenti. Kumachitika ku Social Security Administration, pa intaneti, pa foni kapena ku ofesi yawo. Amene ayamba kale kulandira ndalama za Social Security amalowetsedwa popanda kulembetsa ndipo khadi lawo lofiira, loyera ndi la buluu limabwera pa positi, koma ena onse ayenera kulembetsa okha. Nthawi yoyamba yolembetsa ndi miyezi 7: miyezi itatu mwezi wanu wobadwa usanafike, mwezi wobadwawo, ndi miyezi itatu yotsatira.

Kuchedwa kuli ndi chindapusa. Pa miyezi 12 iliyonse yathunthu imene munayenera kukhala pa Part B koma simunalembetse, ndalama yanu ya pamwezi imakwera ndi 10 peresenti, ndipo kukwera kumeneku mumakhala nako nthawi yonse imene muli pa Part B. Wochedwa zaka ziwiri, pa mtengo wa 2025, ankawonjezera madola 37 mwezi uliwonse. Part D nayo ili ndi chindapusa chake kwa munthu amene wakhala masiku 63 kapena kuposerapo wopanda inshulansi ya mankhwala yovomerezeka.

Ambiri a ife sitipuma pa zaka 65, ndipo apa ndi pamene ejenti wodziwa ntchito amayamba kuonetsa phindu lake. Ngati inu kapena mnzanu wapabanja akugwirabe ntchito pa kampani ya antchito 20 kapena kuposerapo, ndipo muli pa inshulansi ya kampaniyo, mukhoza kuchedwetsa Part B popanda chindapusa, kenaka mumapatsidwa miyezi 8 yolembetsa ntchito kapena inshulansiyo ikatha. Abwana amadzaza fomu ya CMS-L564 yochitira umboni kuti munali pa inshulansi yawo. Msampha waukulu ndi COBRA, inshulansi imene munthu amapitiriza kudzilipirira akasiya ntchito. Imaoneka ngati yomweyo ya kuntchito, khadi lake n'lomwelo, koma pa nkhani ya Part B siwerengedwa, ndipo miyezi 8 ija imayamba kutha kuyambira pamene ntchito inathera. Pa kampani ya antchito osakwana 20 nkhani imakhalanso ina, chifukwa Medicare ndi imene imayenera kulipira poyamba, kotero kuchedwetsa Part B kungakusiyeni ndi ngongole ya chipatala. Amene amasunga ndalama mu akaunti ya HSA, yosungiramo ndalama za chipatala, afunsenso za tsiku loyenera kusiya kuikamo ndalama, popeza Part A ikhoza kuwerengedwa kubwerera m'mbuyo mpaka miyezi 6 kwa amene alembetsa atapitirira zaka 65.

Mabanja amene anaitanitsa makolo kuchokera kumudzi adziwe kuti kholo la green card limene silinagwirepo ntchito kuno liyenera kukhala m'dziko muno zaka 5 zotsatizana lisanaloledwe kulowa Medicare, ndipo Part A limailipira. Mu 2025 mtengo wake unkafika madola 518 pamwezi.

Chachitatu: konzani pepala limodzi lofotokoza moyo wanu

Ejenti sangakusankhireni bwino ngati sakukudziwani. Musanakumane naye, lembani mayina a madokotala anu onse ndi malo amene amagwirira ntchito, chipatala chimene mungafune kugonekedwako, ndi famase imene mumagulako mankhwala. Lembani mankhwala aliwonse amene mumamwa, dzina lake monga lalembedwera pa botolo, mlingo wake ndi kangati patsiku. Musalembe kuti "a shuga" kapena "a BP" basi, chifukwa mankhwala awiri a matenda amodzi akhoza kusiyana mtengo kwambiri pa pulani imodzimodziyo. Onjezani opareshoni kapena chithandizo chimene dokotala wanena kale kuti chikubwera, ndalama zimene mudzakhala mukulandira pamwezi mukapuma, ndiponso miyezi imene mumakhala kunja kwa dera lanu pachaka, kaya kwa ana a ku chigawo china kaya kumudzi.

Nkhani ya ndalama musaibise chifukwa cha manyazi. Amene amapeza zochepa akhoza kuthandizidwa ndi mapulogalamu a boma monga Extra Help pa mankhwala, Medicare Savings Program pa ndalama ya Part B, kapena Medicaid. Amene amapeza zambiri amalipira ndalama yowonjezera yotchedwa IRMAA, imene imawerengedwa pa msonkho wa zaka ziwiri zapitazo, ndipo munthu amene ndalama zake zatsika chifukwa chopuma pantchito akhoza kupempha kuti aiunikenso podzaza fomu ya SSA-44.

Chachinayi: pezani ejenti, ndipo mumufunse mafunso ovuta

Pali maejenti a mitundu iwiri. Wina amagwirira ntchito kampani imodzi ndipo amagulitsa mapulani a kampaniyo okha. Akhoza kukhala munthu woona mtima, koma sangakuuzeni kuti kampani ina ili ndi pulani yokukomerani kuposa yake. Woima payekha amakhala ndi mapangano ndi makampani angapo, ndipo akhoza kuika mapulani awo pa tebulo limodzi. M'madera ambiri mapulani a Medicare Advantage amakhalapo makumi angapo, ndipo amasiyana malinga ndi county (dera laling'ono la m'chigawo) imene mukukhala, kotero munthu amene amawadziwa mapulani a dera lanu, ndiponso amene wamva madandaulo a makasitomala ake pa kampani iliyonse, ali ndi chidziwitso chimene simungachipeze pa kapepala kotsatsa malonda.

Komabe mawu akuti "woima payekha" satanthauza kuti amagulitsa chilichonse, ndipo satanthauza kuti alibe mbali. Inu simumulipira kanthu, ndipo mtengo wa pulani ya Medicare Advantage kapena Part D ndi womwewo kaya mwadzera kwa ejenti kaya mwalembetsa nokha. Amene amamulipira ndi kampani ya inshulansi. Bungwe la boma loyendetsa Medicare, lotchedwa CMS, limaika malire a komishoni imeneyi chaka chilichonse. Mu 2025, m'zigawo zambiri, malirewo anali madola 626 kwa munthu wolowa Medicare Advantage koyamba ndi madola 313 chaka chilichonse chotsatira, pamene pa pulani ya Part D yokha anali madola 109 koyamba. Komishoni ya Medigap imayenda mwa njira ina, nthawi zambiri ngati gawo la ndalama imene kasitomala amalipira. Makampani ena anasiyiratu kupereka komishoni pa mapulani ena, ndipo pulani yotereyi, ngakhale ili yokuyenererani, ikhoza kusatchulidwa n'komwe pa msonkhano wanu. Mu Meyi 2025 unduna wa zachilungamo wa dziko lino unasumira makampani atatu akuluakulu a inshulansi ndi mabungwe atatu a maejenti, powaneneza kuti panali ndalama zachinyengo zokankhira anthu ku mapulani ena. Sindikunena izi kuti muope maejenti onse. Ndikunena kuti funso la malipiro si mwano, ndipo ejenti wabwino amaliyankha mosavuta.

Mufunseni makampani angati amene ali nawo pa pangano m'county yanu, ndipo awatchule mayina. Mufunseni makampani amene alibe nawo pangano. Mufunseni ngati amagulitsa zonse ziwiri, Medigap ndi Medicare Advantage, chifukwa wogulitsa mbali imodzi yokha sangakuyerekezereni njira ziwiri zija mwachilungamo. Mufunseni ngati pali pulani m'dera lanu imene samalandirapo komishoni, ndiponso ngati angakuuzeni ikapezeka kuti ndiyo yabwino kwa inu. Pomaliza mufunseni amene adzayankhe foni mu Febuluwale pamene famase yakana mankhwala anu, iye mwini kapena ofesi ina yakutali. Tengani nambala ya layisensi yake, ndipo muitsimikizire ku dipatimenti ya inshulansi ya chigawo chanu, popeza ejenti aliyense ayenera kukhala ndi layisensi ya chigawo chimene kasitomala akukhala.

Pakati pathu ejenti amapezeka kawirikawiri kudzera kutchalitchi kapena kwa mnansi, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Kulankhula ndi munthu wa kwanu kumapepukitsa mtima. Koma mafunso ali pamwambawa muwafunsebe ngakhale kwa mwana wa mnzanu, chifukwa ulemu umene umatiletsa kufunsa m'bale sudzalipira ngongole ya chipatala.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti munthu si woyenera kumukhulupirira. Malamulo a CMS saloleza wogulitsa Medicare Advantage kapena Part D kukuimbirani foni musanamupatse chilolezo, kugogoda pakhomo panu osaitanidwa, kapena kudzitcha wogwira ntchito ku Medicare. Woimba foni n'kupempha nambala ya khadi lanu la Medicare kuti "akutumizireni khadi latsopano" mudulireni foni, ndipo mukhoza kukanena ku Senior Medicare Patrol ya chigawo chanu, pulogalamu yolimbana ndi chinyengo pa Medicare.

Chachisanu: msonkhano weniweni

Musanayambe kukambirana za Medicare Advantage kapena Part D, ejenti ayenera kukupatsani fomu yotchedwa Scope of Appointment, pamene mumasonyeza mitundu ya inshulansi imene mwavomera kukambirana. Kusaina fomuyi si kulembetsa pulani. Ntchito yake ndi kukutetezani kuti munthu amene munamuitanira za mankhwala asayambe kukugulitsani zina, ndipo saloledwa kutsatsa inshulansi ya moyo pa msonkhano umenewo. Pitani ndi mwana wanu, mnzanu wapabanja kapena munthu wina wodalirika, ndipo iye azilemba pamene inu mukumvetsera.

Funso lofunika kuposa onse pa msonkhanowu ndi la njira ziwiri zija, ndipo m'pofunika kuchedwapo, chifukwa ndi lokhalo limene mwina simudzatha kulibweza.

Medicare Advantage imakopa chifukwa mapulani ambiri salipiritsa kanthu pamwezi kupatula ndalama ya Part B, imene mumapitirizabe kulipira. Ambiri amathandizako pa mano, maso ndi makutu, zimene Original Medicare nthawi zambiri silipira. Alinso ndi malire a ndalama zimene mungalipire pachaka, ndipo mu 2025 malire apamwamba ololedwa anali madola 9,350 pa chithandizo cha madokotala a m'gulu la pulaniyo. Mtengo wake umaonekera mukadwala. Mumalipirako pa ulendo uliwonse wa kwa dokotala wa ukatswiri, pa tsiku lililonse la masiku oyamba m'chipatala, ndi pa kuunikidwa ndi makina. Mumayenera kupita kwa madokotala amene ali pa pangano ndi pulaniyo, makamaka pa mtundu wa mapulani otchedwa HMO, ndipo chithandizo china chimadikira kuti kampani ivomereze kaye. Lipoti la ofesi ya Inspector General ya unduna wa zaumoyo, lotuluka mu Epulo 2022, linapeza kuti 13 peresenti ya zopempha zokanidwa zimene anaunika zinali zokwaniritsa malamulo a Medicare. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo pulani yosalipiritsa pamwezi iyenera kung'ambidwa kuti muone mkati mwake. Kwa anthu ambiri mkatimo mumapezeka muli bwino, makamaka ngati madokotala awo onse alimo ndipo ndalama za pamwezi n'zochepa, koma zimenezo muzione ndi maso anu.

Medigap imalipiritsa mwezi uliwonse, mudwale musadwale, ndipo mtengo wake umakwera zaka zikamapita. Chimene mumagula ndi ufulu wopita kwa dokotala aliyense wolandira Medicare m'dziko lonse, ndi mtendere wodziwiratu ndalama zimene zidzatuluke. Mapulani ake amatchulidwa ndi zilembo, ndipo m'zigawo zonse kupatula Massachusetts, Minnesota ndi Wisconsin, chilembo chimodzi chimalipira zofanana ku kampani iliyonse. Plan G ya kampani ina ndi Plan G ya kampani inzake zimalipira zinthu zomwezo, kusiyana kwake ndi mtengo ndi mmene kampani imakwezera mtengowo. Apa ejenti woima payekha amathandiza koposa, chifukwa akhoza kukuonetsani mitengo ya makampani angapo pamodzi ndi mbiri ya kukwera kwake m'zaka zapitazo. Plan G imatseka pafupifupi mipata yonse kupatula deductible ya Part B, imene inali madola 257 mu 2025. Plan N imatsikirapo mtengo, koma mumalipirako mpaka madola 20 kwa dokotala ndi mpaka madola 50 ku chipinda cha matenda adzidzidzi ngati simunagonekedwe. Plan F ndi Plan C sizigulitsidwanso kwa amene anayenerera Medicare kuyambira pa 1 Januwale 2020.

Tsopano nayi mfundo imene ejenti aliyense woona mtima ayenera kukuuzani musanafunse. Muli ndi miyezi 6 yokha, kuyambira mwezi umene muli ndi zaka 65 kapena kuposerapo ndipo Part B yanu yayamba, pamene kampani ya Medigap singakukaneni kapena kukukwezerani mtengo chifukwa cha matenda anu. Miyezi imeneyi ikatha, m'zigawo zambiri kampani ili ndi ufulu wokufunsani za thanzi lanu ndi kukukanani. Zigawo zochepa, monga New York ndi Connecticut, zili ndi malamulo oteteza anthu chaka chonse, koma zambiri zilibe. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene walowa Medicare Advantage ali wathanzi pa zaka 65, n'kudwala mtima pa zaka 72, akhoza kubwerera ku Original Medicare koma osapeza Medigap, n'kutsala ndi 20 peresenti ija yopanda malire. Pali mpata woyesera: amene walowa Medicare Advantage atangoyenerera kumene pa zaka 65 akhoza kutuluka m'miyezi 12 yoyamba n'kugula Medigap osafunsidwa za thanzi. Ngati ejenti wanu wamaliza kufotokoza osatchula za miyezi 6 imeneyi, ine ndinganene kuti mufune wina.

Pa mankhwala, muuzeni ejenti alowetse mndandanda wanu wonse pa kompyuta inu mukuona, ndi famase yanu yeniyeni, ndipo muyerekeze ndalama ya chaka chonse, osati ya pamwezi yokha. Lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linasintha zambiri pano: insulin yolipiridwa ndi pulani sipitirira madola 35 pamwezi, ndipo mu 2025 panakhazikitsidwa malire a madola 2,000 pachaka pa ndalama zotuluka m'thumba mwanu pa mankhwala a Part D, malire amene amasinthidwa chaka ndi chaka. Koma malirewo amakhudza mankhwala okhawo amene ali pa mndandanda wa pulani yanu, kotero mankhwala amodzi osowa pa mndandanda akhoza kuononga masamu onse.

Chachisanu ndi chimodzi: kambiranani za ulendo wa kumudzi

Ejenti wobadwira kuno sangaganize yekha za nkhani imeneyi, choncho muiyambitse ndinu. Kupatula pa zochitika zochepa kwambiri, Medicare silipira chithandizo cha kunja kwa United States. Mukadwala ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Chipata, khadi lanu la Medicare silikuthandizani. Mapulani ena a Medigap, kuphatikizapo G ndi N, amalipira 80 peresenti ya chithandizo cha matenda adzidzidzi kunja kwa dziko mutayamba mwalipira madola 250, koma m'masiku 60 oyamba a ulendo okha, ndipo malire ake ndi madola 50,000 pa moyo wonse. Mapulani ena a Medicare Advantage nawonso amathandiza pa zadzidzidzi kunja, koma muyenera kuwerenga mawu ake enieni m'buku la pulaniyo lotchedwa Evidence of Coverage. Ngati mukufuna inshulansi yokunyamulani pa ndege kupita ku chipatala cha dziko lina, imeneyo ndi inshulansi ya paulendo yogula padera.

Amene akulingalira zokakhala kumudzi theka la chaka adziwe kuti pulani ya Medicare Advantage nthawi zambiri imachotsa munthu amene wakhala kunja kwa dera lake miyezi yoposa 6. Amene akufuna kubwerera kwathunthu ali ndi chisankho chovuta pa Part B. Kuipitiriza ndi kulipira mwezi ndi mwezi chinthu chimene simukuchigwiritsa ntchito. Kuisiya ndi kuvomera kuti mukadzafuna kubwerera kuno kudzalandira chithandizo, mwina mudzadikira nthawi yolembetsa ya pakati pa 1 Januwale ndi 31 Malichi, n'kulipiranso chindapusa cha zaka zonse zimene munakhala opanda. Ejenti sangakusankhireni pamenepa, koma akhoza kukuwerengerani ndalama za mbali zonse ziwiri kuti banja likambirane likudziwa manambala.

Chachisanu ndi chiwiri: musasaine tsiku lomwelo

Tengani dzina la pulani imene ejenti wakulangizani, n'kuitsimikizira m'malo atatu. Imbani foni ku ofesi ya dokotala wanu aliyense, n'kufunsa ngati alandira pulani imeneyo m'chaka chimene mukulowa, poitchula dzina lonse, chifukwa kampani imodzi imakhala ndi mapulani angapo ndipo mndandanda wa pa intaneti suchedwa kutha ntchito. Kenaka pitani pa Medicare.gov, pamene pamaoneka mapulani onse a Medicare Advantage ndi Part D a dera lanu, ngakhale amene ejenti wanu sagulitsa, pamodzi ndi nyenyezi zosonyeza ubwino wa pulani zimene boma limapereka kuyambira pa 1 mpaka 5. Pomaliza lankhulani ndi alangizi a SHIP, pulogalamu ya ulere imene ili m'chigawo chilichonse ndipo alangizi ake salandira komishoni. Ku California imatchedwa HICAP, ku Florida SHINE, ndipo nambala ya 1-800-MEDICARE ingakulozereni ya kwanu. Alangizi a SHIP sagulitsa inshulansi, ndipo m'nyengo yolembetsa amapanikizika kwambiri, choncho pemphani tsiku mwamsanga. Safunsa anadya phula, ndipo ejenti wabwino sakhumudwa akamva kuti mwafunsanso kwina.

Chachisanu ndi chitatu: muonanenso chaka chilichonse

Mapulani a Medicare Advantage ndi Part D amasintha chaka ndi chaka. Pofika pa 30 Sepitembala kampani yanu imakutumizirani kalata yotchedwa Annual Notice of Change, yofotokoza zimene zisinthe mu Januwale: mtengo, mankhwala ochotsedwa kapena okwezedwa, ndi ndalama zolipira kwa dokotala. Kalata imeneyi musaiphatikize ndi timapepala totsatsa malonda. Nthawi yosintha pulani ndi kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala, ndipo pulani yatsopano imayamba pa 1 Januwale. Amene ali kale pa Medicare Advantage ali ndi mwayi winanso umodzi wosintha pakati pa 1 Januwale ndi 31 Malichi.

Apa m'pamene mumadziwira mtundu wa ejenti amene munapeza. Amalandira komishoni chaka chilichonse chimene inu muli pa pulani, kotero kuunikanso mankhwala anu ndi madokotala anu mu Okutobala ndi ntchito imene walipidwa kale. Muimbireni kumayambiriro kwa mweziwo muli ndi kalata ija m'manja ndi pepala lanu la mankhwala lokonzedwanso. Ngati akukulangizani kusintha, afotokoze chifukwa chake ndi manambala. Ngati muli pa Medigap ndipo akufuna kukusamutsirani ku Medicare Advantage, mufunseni mwachindunji ngati mudzatha kubwerera, ndipo musaletse inshulansi yakale musanalandire kalata yotsimikiza kuti yatsopano yakuvomerani ndi tsiku limene iyambe. Ngati sayankha foni, kapena amangopezeka nthawi yogulitsa yokha, palibe pangano limene likukumangani kwa iye, ndipo mukhoza kupeza ejenti wina kapena kulembetsa nokha pa Medicare.gov. Makalata onsewa, khadi lanu, dzina la ejenti ndi nambala yake muziike mu faelo imodzi, ndipo mwana kapena wachibale amene angadzakuperekezeni ku chipatala adziwe pamene faeloyo imakhala.